Wa mafizo akafuna kuonana ndi phungu

Tsiku loyamba limene ndinapita kukaonana ndi phungu wa dera limene ndimagwirako ntchito linali Loweruka la mwezi wa Okutobala, ndipo ndinalawira kuti ndikafike dzuwa lisanakwiye, pakuti aliyense wodziwa Chigwa cha Shire akudziwa kuti nyengo imeneyo ikangokwana 9 koloko m'mawa munthu umayamba kusakasaka mthunzi. Ngakhale ndinalawira chomwecho, ndinapeza anthu atadzaza kale pansi pa mtengo wa nimu kunja kwa mpanda, ena atakhala panjerwa, ena atatsamira njinga zawo. Bambo amene ndinakhala naye pafupi anadzapempha bokosi la maliro a mlamu wake, mayi wina ananyamula kalata ya fizi ya mwana wake wa kusekondale, ndipo anyamata atatu anabwera kudzakumbutsa za mpira ndi mayunifolomu zimene analonjezedwa nthawi ya kampeni. Ine ndinali ndi envelopu ya kaki, momwe munali kalata ya masamba anayi yolongosola mavuto onse a chipinda chathu cha mafizo kuchipatala, momwe timathandiza odwala kubwezeretsa mphamvu za ziwalo zawo.

Pamene ankandiitana n'kuti olemekezekawo atatopa kale, mafoni awo awiri akulira mosinthana. Nditatchula ntchito yanga anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Ndinu aja osisita anthu aja eti?" Ndinayamba kufotokoza kuti kusisita ndi kachigawo kochepa chabe ka ntchitoyi, koma foni inalira ndisanafike patali. Envelopu ija anailandira n'kuipereka kwa mnyamata amene anaima pambali, kenako anati, "Musadandaule adokotala, tikuganizirani, tikubweretserani njinga za olumala." Atatero anapisa m'thumba kuti andipatse ya thiransipoti, ndipo ndinakana mwaulemu, manyazi atandigwira.

Njingazo zinabweradi patapita miyezi ingapo, ndipo ndiyenera kuvomereza kuti pamenepa olemekezekawo anasunga mawu awo. Panali mwambo pabwalo la sukulu, amayi anavina utse, ndipo zithunzi zinaikidwa pa Facebook tsiku lomwelo. Koma njinga zonse zinali za msinkhu umodzi, za mtundu uja wokankhira odwala m'makonde a chipatala, za timatayala takutsogolo timene timatitimira mumchenga, komanso zopanda khushoni. Imodzi inapatsidwa kwa mnyamata wa zaka 9 amene malungo a muubongo anamusiya thupi lili gwa, wosatha kukhala tsonga payekha, moti munjinga ya munthu wamkuluyo ankangotsetsereka, mutu utagwera kumbali. Nditakamuyendera kumudzi mvula itatha ndinamupeza ali gone pamphasa monga kale, njinga ija abale ake akututira zigubu za madzi kumjigo, ndipo sindinawadzudzule chifukwa ntchito imeneyo ndi yokhayo imene njingayo inkaitha. Bungwe la WHO linatulutsa malangizo mu 2008 onena kuti njinga yotere iperekedwe munthu atayezedwa, itakonzedwa kuti imukwane, ndiponso iye ndi omusamalira ataphunzitsidwa kagwiritsidwe ntchito kake. Zonsezi ndinkazidziwa, koma palibe amene anandifunsa, ndipo ine sindinadziike pamalo poti n'kufunsidwa.

Kwa kanthawi ndinkaloza chala phunguyo, koma pambuyo pake ndinaona kuti cholakwa chachikulu chinali changa. Chigwa chino chili ndi mbiri ya andale amene anthu ankawatchula kuti Mbuya, monga malemu Gwanda Chakuamba ndi malemu Sidik Mia, ndipo dzina lokhalo likusonyeza chimene anthu amayembekeza kwa wandale, ndicho kukhala kholo lothawirako pamavuto. Ine ndinakaima pamzere wa othawira kwa kholo, choncho ndinalandira chimene a pamzerewo amalandira, kanthu kogwirika koti kaperekedwe lero n'kujambulidwa. Phungu amene amadzuka n'kupeza anthu pakhomo m'mawa uliwonse sasowa womupempha. Amene amamusowa ndi munthu wodziwa bwino nkhani imodzi, wosayang'ana m'thumba mwake, amene angamuuze zoona za dera lake m'mawu ochepa oti akawanene ku Lilongwe osaopa kutsutsidwa. Wa mafizo akhoza kukhala munthu ameneyo, ndipo ubale umene ndaona ukupindula ndi wa mtundu umenewu.

Kusadziwika kwa ntchito yathu sikuyenera kutikhumudwitsa. Phungu aliyense anabadwira m'manja mwa mzamba ndipo anabayidwapo jakisoni ndi namwino, koma ambiri sanapondepo m'chipinda cha mafizo. Digiri ya ntchitoyi inayamba kuphunzitsidwa m'dziko muno mu 2010 ku College of Medicine ku Blantyre, sukulu imene kuyambira 2021 ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, ndipo izi zisanachitike Mmalawi wofuna ntchitoyi ankakaphunzira kunja, monga ku Tanzania. M'zipatala za m'maboma mtolowu ankausenza makamaka ndi anzathu a dipuloma ophunzitsidwa pa chipatala cha Kachere ku Blantyre pansi pa bungwe la MAP, lija linayamba mu 1979 pothandiza anthu opuwala ndi poliyo. Ntchito yaing'ono chomwechi pamsinkhu siingayembekeze kuti opanga malamulo aidziwe okha.

Chikhalirecho, kuno ku Chikwawa ndi ku Nsanje ntchitoyi ili mbwee. Bedi la mwamuna amene kabaza inamuthyola ntchafu pamsewu wa M1 limayandikana ndi la msodzi amene ng'ona inamuluma m'madambo a Elephant Marsh, ndipo madokotala akatha kusoka ndi kumanga, amene amaonetsetsa kuti bondo lisaume ndi kuti munthuyo abwerere kumunda wa thonje kapena kukadula nzimbe ku Nchalo ndi wa mafizo. Matenda a BP ndi shuga akubweretsa sitiroko m'midzi momwe anthu ambiri amaitenga ngati yolodzedwa, moti wodwala amayamba wazungulira kwa asing'anga, chonsecho miyezi yoyambirira ndi imene thupi limabwerera msanga likamaphunzitsidwa. Khanda lobadwa ndi mapazi opindika likhoza kuwongoka bwinobwino ndi pulasitala yosinthidwa sabata iliyonse kwa milungu ingapo, kenako nsapato zapadera mpaka zaka 4 kapena 5, koma mayi amene ali kutsidya la kum'mawa kwa Shire, kapena wa ku Makhanga amene amawoloka pabwato pa Mtayamoyo kuti afike ku Bangula, amalekezera panjira chifukwa cha mtengo wa ulendo. Wotumizidwa ku Queen Elizabeth kapena ku Kachere kuchokera pa boma la Nsanje ali ndi makilomita oposa 170 oti ayende, kuphatikizapo chitunda chokhotakhota chija chokwera kuchoka pa Thabwa. Ndiye pali madzi osefukira a 2015, namondwe wa Idai mu 2019, wa Ana mu Januwale 2022 amene anadula msewu wa M1 m'malo angapo, ndi wa Freddy mu Malichi 2023. Nthawi iliyonse yotere ndodo zoyendera ndi njinga za anthu aulumali zimapita ndi madzi, ndipo m'misasa munthu wofa ziwalo amagona pasimenti ya kalasi mpaka zilonda za pamsana zitayamba.

Kuti zonsezi zifike pamalo oyenera, wa mafizo ayenera kudziwa chimene phungu angathe ndi chimene sangathe. Phungu salemba anthu ntchito m'chipatala ndipo satumiza ambulansi. Ntchito yake, malinga ndi malamulo aakulu a dziko lino, ndi kuimira anthu ake, kupanga malamulo, kuvomereza bajeti ndi kulondoloza mmene boma likugwirira ntchito. Kuyambira chisankho cha pa 16 Seputembala 2025 Nyumba ya Malamulo ili ndi mipando 229, pamene kale inali 193, ndipo aliyense wokhala pampando umenewo ali ndi ufulu wolemba funso loti nduna ikayankhe m'Nyumbamo. Funso lotere si laling'ono, chifukwa phungu akafunsa kuti m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje muli mipando ingati ya ogwira ntchito ya mafizo ndipo ingati ili ndi anthu, akuluakulu a ku unduna amakakamizika kufukula mafayilo, ndipo yankho limalembedwa mu Hansard, buku la zokambirana za m'Nyumbamo, momwe aliyense angadzalipeze n'kukumbutsa. Palinso komiti ya zaumoyo ya Nyumbayi, imene imatha kuitana akuluakulu a unduna ndi kuyendera zipatala, ndipo nduna ya zachuma ikapereka bajeti makomiti amakhala m'magulu kuunika ndalama za unduna uliwonse. Ngati phungu wanu sali m'komiti ya zaumoyo, ali ndi mnzake amene alimo, ndipo kumupempha kuti akulumikizeni naye ndi pempho limene silimudyera kanthu.

Ambiri a ife tikamva za phungu timaganiza za thumba la chitukuko cha m'dera la CDF, limene linayamba mu 2006. Koma mu Meyi 2025 khoti lalikulu linagamula, pamlandu umene unabwera ndi bungwe la makhonsolo la MALGA, kuti sikoyenera aphungu kumayendetsa nawo thumbali ndi kumavota m'makhonsolo, popeza kutero n'kusokoneza ntchito ya opanga malamulo ndi ya oyendetsa boma. Nkhaniyi yakhala ikukokanakokana chiyambire, ndipo phunziro lake kwa ife n'lakuti amene akufuna chipinda cha mafizo pa chipatala chaching'ono, kapena kanjira kotsetsereka koti njinga izikwera pakhomo la sukulu, asaiwale khansala, bwanamkubwa ndi mkulu wa zaumoyo wa boma. Kuchokera pamene lamulo la maboma aang'ono la 1998 linabweretsa mphamvu ku anthu, ndalama zoyendetsera zipatala za m'maboma zimadzera kukhonsolo, ndipo ngati maulendo a mafizo a m'midzi sanalowe m'ndondomeko ya pachaka ya zaumoyo ya bomalo, mafuta a njinga yamoto sadzapezeka ngakhale phungu akhale mnzanu wa ponda apa n'pondepo. Khansala nayenso ndi wosankhidwa, amapezeka mosavuta kuposa phungu, ndipo kawirikawiri sitimuwerengera.

Nthawi nayo ili ndi mbali yake. Kuyambira 2022 chaka cha ndalama za boma chimayamba pa 1 Epulo, ndipo bajeti imakambidwa m'miyezi ya Febuluwale ndi Malichi, kotero wobwera ndi pempho lake mu Epulo amapeza nsima itaomoledwa kale. Miyezi yabwino yolankhula za ndalama ndi yomaliza ya chaka, pamene maofesi akulemba zofuna zawo, ndipo nthawi yabwino yomupeza phungu kumudzi ndi pamene Nyumba yatsekera zokambirana.

Khomo loyamba lolowera kwa phungu lili m'chipatala momwemo. Ulendo wanga woyamba uja ndinapita osauza mkulu wanga, ndipo nkhani itamveka ndinaitanidwa mu ofesi kukafotokoza chifukwa chimene ndinatengera mavuto a chipatala kwa wandale. Panthawiyo zinandipweteka, koma anali ndi mfundo, chifukwa wogwira ntchito m'boma ali ndi malamulo omuletsa kuchita ndale za chipani ndi kutulutsa nkhani za ofesi popanda chilolezo. Tsopano ndimayamba ndauza mkulu wa zaumoyo chimene ndikufuna kukanena, ndimamuonetsa pepala lake, ndipo ngati n'kotheka kalata yoitana phungu imachokera mu ofesi yake. Nkhani zimene ndi zolemera kwa munthu mmodzi wolandira malipiro a boma, monga kuchepa kwa mipando ya ntchito, zimayenda bwino zikanenedwa m'dzina la bungwe lathu la Physiotherapy Association of Malawi, kapena pamodzi ndi mabungwe a anthu aulumali amene ali pansi pa FEDOMA. Pamenepa ndiyenera kudzudzula anzanga ndi ine ndemwe, chifukwa timakonda kulankhulira anthu aulumali pamene eni ake ali pomwepo ndipo amatha kudzinenera bwino kuposa ife.

Khomo lina ndi la kumudzi. Komiti ya chitukuko ya m'dera la mfumu yaikulu, imene anthu amangoti ADC, ndi imene imasonkhanitsa zofuna zochokera m'makomiti a chitukuko a m'midzi, ma VDC, n'kuzipereka kukhonsolo, ndipo phungu amamvera chimene chatuluka kumeneko chifukwa ndi mawu a anthu amene amamuvotera. Kupempha mphindi khumi pamsonkhano wa ADC, n'kufotokoza m'Chimang'anja kapena m'Chisena chosavuta kuti sitiroko n'chiyani ndipo n'chifukwa chiyani dzanja lofooka siliyenera kukokedwa podzutsa wodwala, kwandithandiza kuposa makalata onse amene ndinalembapo. Nyakwawa imene yaona munthu wa m'mudzi mwake akuyendanso imakafikitsa nkhani kwa phungu mwa njira imene ine sindingathe. Palinso munthu uja amene amasunga foni ndi ndondomeko ya maulendo a olemekezeka, yemwe nthawi zina ndi mlembi, nthawi zina ndi wapampando wa chipani m'dera. Munthu ameneyu ndi wofunika kumulemekeza, kumudziwa dzina ndi kumulonjera, popeza ndiye amasankha envelopu yoti iwerengedwe. Kumaliro, kumene aphungu athu amapezeka pafupifupi sabata iliyonse, ndi malo olonjerana ndi kupepesana basi, ndipo amene amatulutsa pepala la pempho pasiwa amadzichotsera yekha ulemu.

Chinthu chimene chimaononga ubale wotere msanga ndi mtundu wa nsalu. Wa mafizo akangovala tisheti ya chipani, kapena akalola kuimikidwa pansanja ya msonkhano wa ndale kuti athokoze olemekezeka, theka la odwala ake limayamba kumuona ngati wa mbali ina, ndipo tsiku limene mpando udzasinthe mwini, iyenso adzakhala wakale. Ine ndimalonjera phungu, khansala ndi amene akufuna kudzapikisana nawo mofanana, ndipo aliyense wofunsa za ntchito yathu ndimamuuza zofanana. Ndimasamalanso pakamwa, chifukwa phungu akhoza kukufunsa mwachinsinsi kuti mkulu wa chipatala akuyendetsa bwanji zinthu, ndipo chimene ungayankhe chidzamveka pabwalo mawa lake. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza.

Ulendo wachiwiri sindinapite kwawo, koma tinawaitana kuti abwere kuchipatala tsiku la kiliniki yathu, osati pamwambo wokhala ndi zokamba ndi magule, koma kudzangokhala pabenchi kwa theka la ola. Kutatsala sabata imodzi ndinali nditapempha chilolezo kwa odwala mmodzimmodzi, n'kuwauza kuti wosafuna kuonedwa kapena kujambulidwa ali ndi ufulu wokana ndipo thandizo lake silisintha. Amayi awiri a ana opuwala anakana zithunzi, ndipo tinauza anyamata a olemekezeka kuti mafoni akhale m'matumba, chinthu chimene sanachikonde koma anamvera. Olemekezekawo anafika mochedwa ndi maola awiri, ndipo odwala ochokera kutali ndinali nditawathandiza kale n'kuwalola kupita, pakuti si bwino kusunga munthu ndi njala pofuna kusangalatsa mlendo.

Amene anatsala anali mayi wina wogulitsa nsomba zouma pamsika, amene sitiroko inamugwira mbali ya kumanja. Anaimirira pakati pa zitsulo ziwiri zoyendera zimene wowotcherera wa pamsika anatipangira kuchokera ku mabedi akale, chitenje atachimanga cholimba, thukuta likutsika m'khosi, n'kuyamba kuponya phazi lofookalo pang'onopang'ono, chala chachikulu chikukhula pansi, ine ndili kumbuyo nditagwira m'chiuno. Atafika kumapeto anatembenuka yekha, n'kuyang'ana mlendoyo. "Bwana, pamene ndinkabwera kuno koyamba ana anga ankandinyamula kupita kuchimbudzi, koma lero ndimapita ndekha," anatero mayiyo. Olemekezekawo anafunsa kuti, "Mayi, mumabwera kangati kuno?" Iye anayankha kuti, "Adokotalawa anati sabata iliyonse, koma ine ndimabwera ndalama ya kabaza ikapezeka. Ulendo uno ndagulitsa mbuzi." M'chipindamo munakhala zii, ndipo ine sindinaonjezerepo liwu, chifukwa masamba anga anayi aja sakanatha kunena zimene mayiyo ananena.

Potuluka ndinawapatsa pepala limodzi lokha, lolembedwa mbali imodzi. Ndinalilemba m'Chingerezi popeza ndicho chiyankhulo cha zokambirana za m'Nyumba ya Malamulo, ndipo ndinafuna kuti akathe kuwerenga mmene lilili. Pamwamba panali ziwerengero zochokera m'kaundula wathu, zimene mkulu wa zaumoyo anaziona n'kuzivomereza, zopanda dzina la wodwala aliyense. Pakati panali pempho limodzi, loti wa mafizo azifika pa zipatala zazing'ono kamodzi pamwezi kuti anthu ngati mayi uja asamagulitse mbuzi, ndipo pansi panali funso lolembedwa kale loti akhoza kukapereka kwa nduna. Ndinatchulaponso zinthu ziwiri zimene boma linavomera kale, ndizo lamulo la anthu aulumali la 2024, lija linalowa m'malo mwa la 2012 ndi la 1971 n'kusintha bungwe loona za anthu aulumali la MACOHA kukhala MACODA, ndi mfundo imene mayiko a m'bungwe la WHO anagwirizana mu Meyi 2023 yolimbikitsa ntchito yobwezeretsa mphamvu za odwala m'zipatala. Phungu amalimba mtima akadziwa kuti sakupempha chachilendo, koma akukumbutsa boma mawu ake omwe. Chiwerengero chokokomeza sindiika, chifukwa nduna ikachitsutsa pamaso pa anzake, phunguyo sadzakukhulupiriraninso.

Tili pagalimoto, anyamata ake atatalikira, anatsitsa mawu n'kundiuza kuti azakhali awo anagwa ndi matenda omwewa ndipo ali chigonere kumudzi. Zimenezi zimachitika kawirikawiri, pakuti palibe banja limene sitiroko kapena ngozi sinaligwerepo, ndipo apa ndi pamene wa mafizo amayesedwa. Ndinawauza kuti abwere nawo tsiku la kiliniki ndi kabuku kawo ka kuchipatala monga wina aliyense, ndipo atabwera ndinawathandiza mmene ndimathandizira ena, osawadumphitsa pamzere ndiponso osauza munthu kuti ndi achibale a ndani. Ndikanavomera kumapita kunyumba madzulo n'kumalandira kenakake, ndikanasanduka wantchito wa pabanjapo, ndipo wantchito salangiza bwana wake za bajeti.

Kusunga ubalewu ndi ntchito yosaoneka ndipo ilibe chisangalatso. Patatha masiku awiri ndinatumiza uthenga wa pa WhatsApp wothokoza, wa mizere itatu, ndipo miyezi itatu iliyonse ndimatumiza mawu ochepa onena zimene zasintha, zabwino ndi zoipa zomwe, ngakhale nthawi zambiri sayankha. Pa 8 Seputembala, tsiku lokumbukira ntchito ya mafizo padziko lonse, ndi pa 3 Disembala, tsiku la anthu aulumali, timawaitana pamodzi ndi makhansala, ndipo timanena poyera m'kalata kuti palibe alawansi, kuti pasadzakhale kuyang'anana kumaso pamapeto. Ena sabwera chifukwa cha mawu amenewo, koma amene wabwera timadziwa kuti wabwerera nkhaniyo. Akachita kanthu kabwino timawathokoza pamaso pa anthu mosakokomeza, chifukwa wandale amadya kuyamikidwa ndipo palibe cholakwika kumupatsa chimene wachigwirira ntchito. Akalonjeza osachita timawakumbutsa mwaulemu tili awiri, osati pawailesi. Popeza pachisankho chilichonse aphungu ambiri m'dziko muno sabwerera ku Lilongwe, pepala lija ndimalisunga pakompyuta n'kumalikonza, lokonzeka kuperekedwa kwa aliyense amene adzakhale pampandowo, ndipo ndimasunganso ubale ndi alembi a kukhonsolo, amene amakhalapo andale akamasinthana.

Sindinganene kuti zonse zimene tinapempha zinatheka. Funso lija analitenga, koma mpaka lero sindinamve likuyankhidwa, ndipo maulendo a kuzipatala zazing'ono amachitika mwezi umene mafuta apezeka, mwezi wina ayi. Chimene chinasintha ndinachiona tsiku lina madzulo ndikuchapa yunifolomu, foni italira ndi nambala ya mnyamata wosunga maenvelopu uja, amene anangoti ndidikire n'kupatsira olemekezeka. "Adokotala, pali anthu akufuna kwabwino amene akuti atipatse njinga zina," anatero, mawu akuthamanga monga mwa masiku onse, kenako ananena momveka kuti njingazo sizinagulidwe. "Ndawauza kuti asagule kaye mpaka inu mutayeza anthuwo. Mungayambe liti?" Ndinawayankha kuti ndiyamba ndauza mkulu wanga m'mawa, ndipo akalola tidzafunika mafuta a masiku atatu ndi mlangizi wa zaumoyo wodziwa midziyo.

Lachiwiri lotsatira tinanyamuka ndi tepi yoyezera ndi mafomu m'chikwama, ndipo khomo loyamba limene ndinapempha kuti tiime linali la mnyamata uja wa pamphasa. Anali atatalika, miyendo itapindika kuposa kale, moti muyeso wa m'chiuno ndi wa ntchafu tinautenga kawiri, amayi ake atamugwira mapewa. Pofuna kudziwa kukula kwa matayala oyenera ndinayenda ndi bambo ake kuchoka pakhonde mpaka kusukulu, tikuona pamene pali mchenga wambiri ndi pamene madzi amadikha nthawi ya dzinja, ndipo pobwerera tinadutsa pamjigo, pomwe njinga yakale ija inali itaima ndi zigubu ziwiri, tayala limodzi litamangidwa ndi mphira.